Nkhuku Yotsala Isatayidwe, Komanso Isatigoneke M'chipatala

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule, kudzera pa tsamba lanu la makalata, ndi Amalawi anzanga okhala kuno ku Johannesburg, ngakhalenso abale athu a m'mizinda ya kwathu amene masiku ano akudya nkhuku kawirikawiri kusiyana ndi kale. Nkhani yanga ndi ya nkhuku yophikaphika imene yatsala anthu atakhuta: tiisunge bwanji, ndipo mawa lake tiisandutse chakudya chotani choti banja lidye mokondwa osati modzikakamiza. Ndakhala ndikuphikira anthu m'nyumba zawo kwa zaka zambiri mumzinda uno, choncho zimene ndikulembazi ndi za kukhitchini ndithu.

Kwathu nkhuku sinkatsala. Inkaphedwa mlendo akabwera, pa Khirisimasi, pa chinkhoswe kapena mayi akachira, ndipo tambala mmodzi ankakwanira khomo lonse: nthutumba inkapita kwa mlendo kapena mwini khomo, ntchafu ndi nganga kwa akuluakulu, ana n'kulandira khosi, mutu ndi zipalapasiro, msuzi n'kutsatiridwa ndi mbamu ya nsima mpaka mbale kuyera. N'chifukwa chake makolo anatisiyira luso losunga mkute wa nsima, lofutsa masamba ndiponso lowamba nsomba ndi nyama, koma la nkhuku yotsala sanatisiyire kwenikweni, poti panalibe chosunga.

Kuno zinthu n'zosiyana. Nkhuku ndiyo nyama yodyedwa kwambiri m'dziko la South Africa, ndipo ndiyo yotsikirako mtengo poyerekeza ndi ya ng'ombe kapena ya nkhosa. Mzinda uno ndi kwawo kwa malonda a nkhuku yophikaphika: Chicken Licken inayambira ku Ridgeway mu 1981, ndipo Nando's inayambira ku Rosettenville mu 1987, dera limene lero kwadzaza anthu ochokera m'mayiko ambiri a mu Africa, ife tomwe tili m'gulumo. Mwezi ukatha timagula thumba la makilogalamu 2 kapena 5 la nkhuku youmitsidwa mu freezer, n'kuphika yambiri nthawi imodzi populumutsa magetsi. Ogwira ntchito m'nyumba za ku Sandton, Houghton ndi Randburg amapatsidwa zotsala pa nyama yootcha ya Lamlungu. Kumaukwati, kumisonkhano ya mpingo ndi ya mabungwe a maliro, mapoto akuluakulu satha. Motero pafupifupi khomo lililonse limapezeka ndi kambale ka nkhuku kamene eni ake sakudziwa chochita nako.

Pakati pathu ndikuona mbali ziwiri, ndipo zonse n'zolakwika. Ena amataya, poganiza kuti kudya zadzulo n'chizindikiro cha umphawi umene anauthawa kumudzi. Anthu otere akumbukire kuti bungwe lofufuza za sayansi la dziko lino, CSIR, linapeza mu 2021 kuti chakudya chokwana matani pafupifupi 10 miliyoni chimawonongeka chaka chilichonse m'dziko muno, pamene ena akugona ndi njala. Akumbukirenso chaka cha 2023, pamene chimfine cha mbalame chinapulula nkhuku mamiliyoni m'mafamu, makamaka kuno ku Gauteng ndi ku Mpumalanga, mazira n'kusowa m'masitolo, mitengo n'kukwera. Munthu amene amatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi alibe ntchafu ya nkhuku yoponya m'bini. Ena sataya, koma amasunga mosasamala, kenako nyumba yonse n'kuchezera kutsegula m'mimba. Chimene ndikufuna kutsindika n'chakuti nkhuku yotsala imaweruzidwa usiku womwewo, mbale zisanatsukidwe. Ikasungidwa bwino nthawi imeneyo, mawa ndi ndiwo zabwino. Ikalekereredwa, palibe luso la kaphikidwe limene lingaikonze.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola 2, ndipo chizisungidwa pozizira osapitirira madigiri 5 kapena potentha kuposa madigiri 60. Pakati pa malire awiriwa ndi pamene mabakiteriya amaswana, ena mwa iwo chiwerengero chawo chikuwirikiza kawiri pa mphindi 20 zilizonse. Lipoti la bungweli la mu 2015 linati anthu 600 miliyoni amadwala chaka chilichonse chifukwa cha chakudya choipa, 420,000 n'kumwalira, ndipo chigawo chovutika kwambiri ndi chathu chino cha Africa. Choncho anthu akangomaliza kudya, sambani m'manja ndi sopo, muchotse mnofu ku mafupa nyama ikadali yofunda, chifukwa nthawi imeneyo imasiyana ndi fupa mosavuta. Mnofuwo muuyale m'kontena yosazama yokhala ndi chivundikiro, ngakhale ija ya majarini yotsuka bwino, msuzi pawokha, mafupa pawokha. Musalowetse poto wamkulu wathunthu m'firiji, pakuti m'mbali mumazizira koma pakati pamakhalabe pofunda kwa maola ambiri. Ngati msuzi ndi wambiri, khazikani potoyo m'beseni la madzi ozizira n'kumatakasa kufikira nthunzi itatha.

Ambirife tinakula tikuona amayi akuwiritsanso ndiwo asanakagone, n'kuzivundikira, n'kuletsa aliyense kupisamo dzanja kapena chipande mpaka m'mawa, pamene ankaziwiritsanso. Mwambo umenewu suyenera kunyozedwa, chifukwa muli nzeru: kuwiritsa kumapha mabakiteriya amoyo, ndipo kuletsa dzanja kumatchinga ena, monga Staphylococcus, amene amakhala pakhungu ndi m'mphuno mwa munthu. Komabe uli ndi malire ake. Pali mabakiteriya ena, monga Clostridium perfringens, amene amadzitsekera m'timbewu tolimba tosafa ndi kuwira kwa madzi, ndipo poto akamazizira pang'onopang'ono usiku wonse timbewuto timadzuka n'kuyamba kuswana. Palinso ena amene amasiya poizoni m'chakudya, poizoni wosatha ngakhale mutawiritsa kachiwiri. Choncho kwa amene alibe firiji, njira ya amayi ija ndi yongothandizira usiku umodzi, pa nkhuku ya msuzi yokha, ndipo m'mawa iwire mpaka kubwata, idyedwe nthawi yomweyo, isadikire madzulo. Makanda, amayi oyembekezera, okalamba ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chofooka asapatsidwe nkhuku yogona motere. M'miyezi yotentha, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, m'chipinda cha malata cha ku Diepsloot kapena ku Alexandra, ine ndingasankhe kugawira mnansi usiku womwewo kusiyana n'kuigoneka.

Amene ali ndi firiji asaiyese mankhwala a zonse. Kuzimazima kwa magetsi kumene Eskom, kampani ya magetsi ya dziko lino, inayamba mu 2007, kumene kunafika poipitsitsa mu 2023, kunatiphunzitsa kuti firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira kwa maola pafupifupi 4 okha, pamene freezer yodzaza imatha kufika maola 48, yatheka maola 24. Ngakhale kuzima kwa ndondomeko kuja kwachepa, magetsi amathimabe chifukwa cha kubedwa kwa nthambo ndi kuwonongeka kwa zipangizo, ndipo pali chizolowezi china chimene ndachiona m'nyumba zalendi, chozimitsa firiji usiku pofuna kupulumutsa mayunitsi. Ndalama yopulumutsidwa moteroyo siikwana n'komwe mtengo wa ndiwo zimene zikuwonongeka. M'firiji yoyenda bwino nkhuku yophika imakhala masiku 3, akachuluka 4. Koma m'firiji yogwiritsa ntchito mabanja asanu, imene chitseko chake sichipuma, ndingalangize masiku 2. Ngati mukudziwa kuti simuidya m'masiku amenewo, iumitseni mu freezer m'timapaketi tokwanira chakudya chimodzi, mulembepo tsiku, ndipo idzakhala yokoma kwa miyezi 2 kapena 3. Tisaiwale mliri wa listeriosis wa mu 2017 ndi 2018, umene akatswiri a NICD, bungwe lofufuza za matenda opatsirana la ku Sandringham, anautsata mpaka kukapeza gwero lake m'poloni ya fakitale ina ku Polokwane: anthu oposa 1,000 anadwala, oposa 200 anamwalira, kuphatikizapo makanda ambiri. Kachilombo ka Listeria, koyambitsa matendawa, kamaswana ngakhale m'firiji, ndipo n'chifukwa chake masiku amawerengedwa.

Tsopano ndifike pa kaphikidwe. Mfundo yoyamba ndi yakuti nyamayi inapsa kale, choncho imalowa m'poto pomalizira, msuzi ukubwata, n'kukhalamo mphindi 5 kapena kupitirirako pang'ono kuti itenthe mpaka m'kati, kufika madigiri 75, nthunzi n'kumatuluka mukaing'amba. Kungoifunditsa n'koopsa, ndipo kuiwiritsa theka la ola kumaisandutsa luzi, makamaka nganga. Itenthetseni kamodzi kokha, ndipo mutape yokhayo imene mudye. Mchere muuchedwetse: nkhuku youmitsidwa ya m'matumba imabayidwa madzi a mchere kufakitale, ndipo lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2016 limalola madziwo kufika magawo 15 pa 100 alionse a kulemera kwa ziwalo zoduladula. Mukaonjezapo zokometsera za dzulo, mchere umakhala ulimo kale wokwanira.

Njira imene ndimaiika patsogolo pa zonse ndi kutendera. Tengani mtolo wa mpiru, repu kapena nkhwani. Zonsezi zimapezeka kwa ogulitsa masamba m'misewu ya m'tauni, ndipo kumsika wa ku Yeoville mumapeza ngakhale chigwada ndi therere. Ngati zasowa, sipinachi ya kuno ija ya masamba akuluakulu imagwira ntchito, kungoti imatulutsa madzi ambiri, choncho muchepetse othira. Wiritsani madzi pang'ono, kapena msuzi wa dzulo ngati ulipo, muikemo masamba odula bwino, pamwamba pake matimati awiri ndi anyezi mmodzi, muvundikire. Masamba akafota, sungunulani nsinjiro m'kapu ya madzi ozizira kuti isachite mibulu, muthire, muchepetse moto. Amene nsinjiro yawo ya kumudzi yatha agwiritse ntchito masupuni awiri aakulu a chiponde cha m'sitolo, koma ayambe awerenga pabotolo, chifukwa chambiri cha kuno chimathiridwa shuga ndipo ndiwo zotsekemera sizidyeka ndi nsima. Nsinjiro imafuna mphindi 10 pamoto wochepa, mukutakasa pafupipafupi kuti isapserere pansi. Mudzadziwa kuti yapsa fungo la mtedza wauwisi likatha ndipo timadontho ta mafuta tikayamba kuyandama m'mbali mwa poto. Apo ndi pamene mumathira nkhuku yanu yong'ambang'amba ndi zala zoyera, n'kuvundikira mphindi 5. Kapu imodzi ya mnofu, imene payokha ikanakhala ndiwo za munthu mmodzi, imakwanira anthu anayi, pakuti mbamu iliyonse imatolako kanyama. Ena adzati nkhuku satendera. Ndingowakumbutsa kuti nsomba zouma ndi nyama yowamba timatendera kuyambira kale, ndipo nganga youma ija, imene ana amaikana tsiku lachiwiri, m'nsinjiro imafewa n'kukoma kuposa dzulo.

Nyemba ndi nandolo zimalandiranso nkhuku bwino. Mwina ena azindikira kuti nyemba za kuno zimachedwa kupsa kusiyana ndi za ku Nsanje kapena ku Salima. Chifukwa china n'chakuti mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamalo okwera chotero madzi amawira pa madigiri pafupifupi 94 m'malo mwa 100. Choncho zinyikeni usiku, muphike zambiri kamodzi, ndipo tsiku limene muli ndi nkhuku yotsala mukazinge anyezi ndi matimati, muthiremo nyemba zakupsazo, kenako nyama pamodzi ndi khungu lake loduladula. Khungulo limapereka mafuta ndi fungo, moti simufunikanso mafuta ambiri a m'botolo.

Mafupa ndiwo amatayidwa kwambiri, pamene ndi momwe muli msuzi. Sindikunena mafupa amene anthu akukuta m'mbale zawo. Amenewo apite kubini. Ndikunena chigoba chimene mwachotsako mnofu ndi mpeni kapena ndi manja, monga cha nkhuku yathunthu yootcha imene timagula m'masitolo akuluakulu, pamodzi ndi khosi, nsonga za mapiko ndi khungu. Ikani zimenezi m'poto, madzi azimize, muonjeze anyezi, karoti ndi adyo, ziwire pamoto wochepa kwa ola limodzi kapena awiri, kenako musefe mosamala kuti tizidutswa ta mafupa tisatsalemo. Msuzi umenewu ukagona m'firiji umagwirana ngati phala lozizira, ndipo ndaonapo anthu akuutaya poganiza kuti wawonongeka, pamene kugwiranako n'chizindikiro chakuti mafupa atulutsa zabwino zake. Ukangofika pamoto umasungunuka. Nkhuku yachikuda, imene eni dziko amaitcha umleqwa, ndiyo imapereka msuzi wabwino koposa. Ndi msuzi umenewu mungaphike nthochi zosapsa mwa kaphikidwe ka mbalagha ya ku Karonga, nyama n'kulowa nthochi zitafewa. Mungaphikirenso mpunga wa Kilombero umene abale amatitumizira pa mabasi ofikira ku Park Station, m'malo mwa madzi wamba. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chisanu cha kuno chimayeretsa udzu m'mamawa, msuziwo pamodzi ndi kachewere, kabichi ndi dzungu umakhala supu yomwera buledi, yabwino kwa alonda ndi ena obwera kuntchito usiku.

Pa mpunga pafunika chenjezo lapadera, chifukwa kawirikawiri nkhuku imatsala limodzi ndi mpunga. Mpunga wophika ukakhalitsa pamtunda umaswetsa bakiteriya wotchedwa Bacillus cereus, amene poizoni wake amasanzitsa ndipo safa ndi moto. Mpunga wotsala uzizidwe msanga, ulowe m'firiji, udyedwe tsiku lotsatira basi. Ukasungidwa motero, ndi umene umakazingika bwino kuposa wongophika kumene, chifukwa sumata. Tenthetsani chiwaya kwambiri ndi mafuta pang'ono, mukazinge anyezi, karoti ndi zitheba zoduladula, muthire nkhuku, kenako mpunga, mukutembenuza mosalekeza mpaka zonse zitatentha. Kankhirani mpungawo mbali imodzi, muswere mazira awiri pamalo otsalawo, akagwira musakanize. Tsabola wa kambuzi kapena madontho a Nali ndi madzi a ndimu zimamaliza ntchito. Chakudya chimenechi sichitha mphindi 15, ndipo mwana wasukulu wamkulupo angathe kuchiphika yekha.

Nkhuku yogula yokazinga, ija yokutidwa ndi ufa, ndiyo yovuta. Mu microwave chikuto chake chimanyowa n'kulemera mafuta, ndiponso makinawa amatenthetsa mosafanana, kunja kukuotcha pamene pafupa pali pozizira, moti muyenera kuidula tizidutswa ndi kuitembenuza pakati pa nthawi. Bwino kuiika mu uvuni wotentha kapena m'chiwaya chouma chovundikira, pamoto wochepa, kwa mphindi 15 mpaka 20. Koma ine maganizo anga ndi akuti nkhuku yotere tsiku lachiwiri isayesedwenso kukhala chimene inali dzulo. Chotsani chikutocho, mung'ambe mnofu, muuthire mu msuzi wa matimati ndi anyezi wopanda mchere, mudyere nsima. Ya peri-peri yootcha ndiyo yosavuta, chifukwa tsabola ndi ndimu zake zimakometsa mpunga wokazinga kapena nyemba popanda kuonjezera kanthu. Chipisi chotsala nacho chiduleni, muchikazinge ndi nyamayo ndi mazira, chikhale chakudya cha m'mawa.

Ambiri mwa ife timanyamula chakudya popita kuntchito, ndipo apa nkhuku yotsala imapulumutsa ndalama zogulira kota, chigawo cha buledi choikamo chipisi ndi zina, tsiku ndi tsiku. Kazingani anyezi ndi curry, muthiremo kachewere wophika wodula tizidutswa ndi nyama yodula bwino, zitenthe, ziume, kenako zizizire. Zimenezi mungakulunge m'chapati, mungaike m'kati mwa magwinya, amene ndi mandasi a kuno, kapena mungapangire samusa. M'masitolo a ku Fordsburg ndi ku Mayfair amagulitsa zikuto za samusa zokonzakonza, moti ntchito yanu ndi kupinda ndi kumata ndi ufa wosungunula. Zoika m'katizo zikhale zouma ndi zozizira, apo ayi samusa amaphulika m'mafuta. Nkhuku yosakaniza ndi mayonezi yopaka pa buledi ndi yabwino kwa amene kuntchito kwawo kuli firiji. Koma kwa abale athu osamalira maluwa ndi omanga nyumba, amene chikwama chawo chimakhala padzuwa kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka masana, imeneyi si yoyenera, pokhapokha ataika pambali pake botolo la madzi oumitsidwa, limene lidzasunga chakudyacho pozizira ndipo masana lidzakhala madzi akumwa. Kwa amene amagulitsa samusa ndi zina zokazinga ndikupempha kuti zotsala za pakhomo zisalowe m'malonda. Chichokereni imfa za ana a ku Naledi ku Soweto mu Okutobala 2024, ngakhale kuti zinachitika chifukwa cha mankhwala ophera tizilombo osati nyama, maso a anthu ndi a boma ali pa aliyense wogulitsa chakudya, makamaka ife obwera, ndipo kasitomala mmodzi wodwala angathe kutsekeretsa anthu ambiri malonda.

Mwana woyamba kudya, wa miyezi 6 kupita m'tsogolo, angapindule ndi kanyama kosinja bwino kothira m'phala. Alangizi a zaumoyo kwathu amaphunzitsa za magulu 6 a zakudya, ndipo gulu la zanyama ndilo limasowa kawirikawiri m'phala la ana. Koma ya mwana ikhale nkhuku imene mwaphika nokha, yosungidwa m'firiji usiku umodzi wokha, yopanda tsabola ndi mchere wambiri, yofufuzidwa ndi zala kuti mulibe kafupa, ndipo iwire limodzi ndi phalalo. Kwa akuluakulu, mkute wa nsima wodula mapisi n'kuukazinga mpaka kufiira, pambali pake nkhuku yotenthetsa mu msuzi wake, ndi chakudya cha m'mawa chimene chimamufikitsa munthu masana osamva njala.

Pali nkhuku ina imene ndimaikayikira kuposa zonse, ndiyo imene simukudziwa mbiri yake. Taganizirani ya kwa abwana. Yaotchedwa 1 koloko masana, yakhala m'mbale yaikulu pakhonde alendo akucheza, ntchentche zikuzungulira, manja osiyanasiyana akutolamo, mpaka 5 koloko. Kenako yakulungidwa n'kupatsidwa kwa wantchito, amene akwera nayo takisi mpaka pamalo okwerera matakisi a Bree m'kati mwa tauni, kudikira pamzere, n'kukweranso ina, n'kukafika kwawo mdima utagwa. Pofika pamenepo maola 2 aja apitirira katatu. Woperekayo anali ndi mtima wabwino, ndipo kulandira ndi manja awiri ndi ulemu wathu, koma ulemu sutikakamiza kudyetsa ana chilichonse chimene talandira. Popeza nthawi zambiri wantchito yemweyo ndi amene amachotsa mbale patebulo, angathe kupempha mwaulemu kuti zotsalazo zilowe m'firiji anthu akangomaliza kudya, n'kudzazitenga ponyamuka, makamaka zitauma mu freezer kuti ziyende ulendowo zili zozizira. Akaipeza Lolemba m'mawa, palibe cholakwika kufunsa kuti, "Kodi imeneyi inagona m'firiji?" Saladi ya mayonezi imene yakhala padzuwa limodzi ndi nyamayo isanyamulidwe n'komwe.

Ndionjezepo kuti mphuno si woweruza wokwanira. Nkhuku yonunkha, yoterera kapena yosasa ndi yotaya, ndipo pamenepo palibe mkangano. Koma mabakiteriya amene amasasitsa chakudya si omwewo amene amadwalitsa, moti nyama yokhala ndi Salmonella kapena Listeria ingathe kuoneka bwino ndi kununkhira bwino. Chizolowezi cholawa kaye kuti tione ngati ndiwo zasasa sichititeteza. Chodalirika ndi kudziwa maola amene nyamayo yakhala pamtunda ndi masiku amene yakhala m'firiji. Wina akayamba kusanza, kupotokola kapena kutsegula m'mimba, amwe madzi ambiri ndi ORS. Ndipo ngati ndi mwana wamng'ono, mayi woyembekezera kapena wokalamba, kapenanso ngati pali magazi m'chimbudzi, thupi latentha kwambiri kapena wodwalayo akulephera kumwa, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo osadikira kuti aone mawa.

Pempho langa lipite kwa amene amaphika pamisonkhano yathu: amayi a Mvano, a Dorika, amayi achisilamu ophika pa sadaka ndi pa Eid, ndiponso makomiti a maukwati ndi a mabungwe a maliro. Kumeneko ndi kumene nkhuku imatsala yambiri, ndiponso ndi kumene imakhalitsa, chifukwa imaphikidwa mbandakucha, imadyedwa masana, ndipo zotsala zimagawidwa madzulo zolankhula ndi perekaniperekani zitatha. Poto wamkulu wovundikira, wochotsedwa pamoto, wosiyidwa pakona ya holo kwa maola 6, ndiye malo enieni amene Clostridium perfringens uja amaswana, ndipo akadwalitsa amadwalitsa gulu. Pakhale munthu mmodzi wosankhidwiratu woyang'anira zotsala. Poto amene sanayambe kugawidwa akhalebe pamoto wochepa kuti asatsike pansi pa madigiri 60. Anthu akangomaliza kulandira chakudya, zotsalazo zigawidwe nthawi yomweyo m'makontena ang'onoang'ono, n'kuikidwa m'firiji ya pamalopo kapena m'bokosi lozizira lokhala ndi ayezi, amene amagulitsidwa pamalo ambiri omwetsera mafuta galimoto. Akuluakulu anati chakudya sichichepa, chimachepa n'chovala, choncho alonda a holo, oyendetsa galimoto ndi ana a m'makomo oyandikana nawo aitanidwe adye chikadali chotentha. Pogawa zonyamula, nkhuku ipite kwa okhala pafupi amene ali ndi firiji. Ochokera kutali, ku Tembisa, ku Cosmo City kapena ku Orange Farm, apatsidwe mpunga wosaphika, mafuta, anyezi ndi zakumwa zimene zatsala.

Ine wanu wowerenga,
Mayi wophika,
Rosettenville, Johannesburg